Kwa makolo a ana a Sitandade 8

Mwana wanga atatsala pang'ono kulemba mayeso a PSLCE, ankawerenga mpaka tambala woyamba, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asagone. M'mawa akafika m'kalasi n'kumangosinza. Ndinamuletsa.

Chimene chinamuthandiza ndi mapepala akale a MANEB. Kapempheni kwa aphunzitsi, ambiri amawasunga. Koma musangomupatsa mwana kuti aziwerenga ngati nyuzipepala ayi. Mukhazikeni pampando, tcherani alamu ya pafoni molingana ndi nthawi yomwe yalembedwa pamwamba pa pepalalo. Ikalira, bolopeni pansi, ngakhale ali pakati pa samu. Tsiku loyamba wanga anasiya mafunso ambiri osayankha chifukwa anakakamira funso limodzi la mafulakishoni, thukuta lili kamukamu. Kuyambira pamenepo anazolowera kulumpha funso lovuta, kuika kadontho pambali pake, n'kudzalibwerera akamaliza enawo.

Mukachonga, zomwe walakwa zokhazo azilembe m'kope lapadera. Loweruka lililonse aziyambira kopelo, osati kutsegula mabuku onse nthawi imodzi.

Mawa lake kuli mayeso, agone msanga. Chiphaso cha MANEB, mabolopeni awiri, pensulo ndi rula alongedzeretu madzulo.