Momwe mungalankhulire za m'tsogolo m'Chingerezi osadalira "will" yekha

Ophunzira ambiri, ngakhale omwe akukonzekera mayeso a MSCE, amaika "will" m'chiganizo chilichonse chonena za mawa. Chingerezi chili ndi njira zingapo, ndipo posankha simuyang'ana kuti chinthucho chili kutali bwanji, koma pomwe nkhaniyo yafika pa nthawi imene mukulankhula.

Yambani ndi kudzifunsa ngati ganizolo labwera pompano. Foni ikulira, inu mwanyamuka: "I'll answer it." Malonjezo nawo amayenda ndi "will": "I won't tell anyone." Mneni wotsatira "will" sasintha, choncho "she will goes" ndi "I will going" nzolakwika.

Ngati munaganiza kale musanatsegule pakamwa, tengani "going to": "I'm going to plant groundnuts this year." Njira yomweyi ndiyo yoyenera pamene umboni ukuoneka ndi maso. Mitambo yada bii, kamphepo kayamba kuzizira: "It's going to rain." Musasiye "am", "is" kapena "are", chifukwa "he going to come" sichiganizo chathunthu.

Mukakhala kuti mwapangana kale ndi munthu, tsiku ndi malo zadziwika, nenani ngati kuti zikuchitika tsopano: "I'm meeting the headteacher on Friday." Za ndandanda yokhazikika, monga ya basi kapena ya mayeso, nzachidule: "The bus leaves at 7."

Pomwe ambiri amataya malikisi ndi pa mawu awa: "when", "if", "before", "after", "until" ndi "as soon as". Gawo la chiganizo loyamba ndi mawu amenewa silitenga "will", ngakhale likunena za mawa. Lembani "When I get to Mzuzu, I'll call you", osati "When I will get to Mzuzu". Chimodzimodzinso "If it rains, we'll stay at home." Cholakwikachi chimabwera chifukwa wolemba akuona kuti zonse ziwiri sizinachitike, ndiye afuna kuika chizindikiro paliponse, pomwe "will" wa m'gawo linalo wakwanira kale. Mukamaliza kulemba chimangirizo, dutsaninso ndi pensulo, mulembe mzere kunsi kwa "when" ndi "if" aliyense, muone chomwe chikutsatira.

Koma musafufute mwachimbulimbuli. "I don't know when he will come" ncholondola, chifukwa apa "when" akubisa funso lakuti abwera liti, sakuika nthawi yoti chinthu china chichitike.