Kalongonda wodzala mu Epulo sapulumuka chisanu cha ku Joni

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikuyendera maploti a anzathu ku Walkerville, Eikenhof ndi De Deur, kummwera kwa Johannesburg, ndipo zimene ndaona zandipweteka mtima. Munda ndi munda, khobwe ndi kalongonda zimene anthu anadzala atangokolola chimanga zapsa ndi chisanu. Masamba ada bii, afota ngati awathira madzi otentha. Mbewuyo ena anachita kuitanitsa kumudzi pa basi, kulipira katundu ndi marandi ovutikira. Mafuta a pampu anathera pomwepo. Lero mbuzi zilibe chodya, nthaka ili pamtetete kudikira mphepo ya Ogasiti kuti iiulutse.

Abale anga, kuno si ku Salima. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750. Mvula imalekeza cha mu Epulo, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti usiku kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana m'ndowa. Khobwe, kalongonda ndi nkhungudzu ndi mbewu zokonda kutentha, usiku umodzi wa chisanu chenicheni basi zatha. Chaka chatha tinakambirana zimenezi, chaka chino mwabwereza zomwezo, ati "kwathu timatero". Kwathu kuti? Ngakhale kumudziko, ndani amadzala kalongonda pamunda wouma chimanga chili kale m'nkhokwe? Timamudzala mvula ikadalipo.

Bambo wina wa ku Dedza, amene amasamala ploti ya abwana ake, anandiyankha kuti, "Alangizi, ine ndinakulira kumapiri, kuzizira ndimakudziwa." Khobwe wawo atapsa, anasowa chopatsa mbuzi, n'kuzitsegulira pa mapira amene anaphukiranso atadulidwa. Ziwiri zinafa tsiku lomwelo. Ndinawapeza atakhala pa chidebe pafupi ndi khola, chipewa chili m'manja, akuganiza zokawauza abwana. Mphukira za mapira zikagwidwa ndi chisanu zimakhala ndi poizoni wotchedwa prussic acid, ndipo amapha msanga. Bambowa si aulesi ayi, anangodalira nzeru ya nyengo ina.

Zoyenera kudzala zilipo, ndipo m'masitolo a zaulimi amagulitsa: oats ndi rye (mbewu zofanana ndi tirigu), komanso vetch. Zimenezi chisanu zimachipirira. Vetch ndi wa m'gulu la nyemba, amabwezera chonde m'nthaka, choncho musakanize ndi oats, ndipo pogula funsaninso inoculant wake, tizilombo tabwino topaka ku mbewu tothandiza mizu kubwezera chondecho. Koma musadikire kukolola. Fesani pakati pa mizere ya chimanga kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi chinyontho chikadalipo. Wodikira mpaka atakolola akhale ndi madzi othirira, apo ayi mbewu ingogona m'fumbi. Mbuzi muzilowetse oats akazika mizu bwino, asazuke pomukoka ndi dzanja.

Amene mwachedwa kale chaka chino, musatayenso ndalama. Gonekani mapesi pansi aphimbe nthaka, musawatenthe, ndipo mulambule m'mbali mwa munda chifukwa moto wolusa wayamba kale m'tchire.