Kusankha malenzi akale ojambulira nkhope ndi malo otambalala

Musanayambe, dziwani mtundu wa kamera yanu ndi kukula kwa sensa yake (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera). Mukhalenso ndi tochi ndi adaputa yoyesera (mphete yolumikizira lenzi ku kamera ya mtundu wina).

1. Yambani ndi mount, pomwe lenzi imalumikizikira ku kamera. Kamera ya mirrorless (yopanda kalilole m'kati) imalandira malenzi a M42, Canon FD, Minolta MD ndi Nikon F pa adaputa wamba. Ambiri amalakwitsa apa: lenzi ya FD pa Canon DSLR (kamera yokhala ndi kalilole m'kati), kapena ya M42 pa Nikon DSLR, siyiona bwino zinthu zakutali pokhapokha adaputa ikhale ndi galasi, ndipo galasilo limachepetsa kuthwa kwa chithunzi.

2. Pa sensa yocheperapo ya APS-C chulukitsani nambala ya mm ya lenzi ndi 1.5 (pa Canon ndi 1.6). Lenzi ya 28mm imajambula ngati 42mm, ndiye kutambalala kuja kwatha. Funani 20mm kapena kutsika.

3. Pojambula nkhope pa full frame (sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm), tengani 85mm mpaka 105mm, monga Jupiter-9 85mm f/2 kapena Nikkor 105mm f/2.5, yomwe ineyo ndimaiyika patsogolo. Pa APS-C, Helios 44-2 58mm f/2 imakwana.

4. Malo otambalala pa full frame: 24mm kapena 28mm f/2.8, mujambule aperture (kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi) ili pa f/8 kuti m'makona muthwe.

5. Walitsani tochi m'lenzimo. Timizere tonga ukonde wa kangaude ndi chuku, isiyeni. Fumbi pang'ono si vuto, koma chifunga m'galasi chimazimiriritsa mitundu.

6. Tsegulani ndi kutseka aperture. Timasamba take tikhale touma, chifukwa mafuta amatichedwetsa kutseka. Mphete ya fokasi izizungulira mosalala, osakakamira kapena kugwedera.