Momwe mungapangire kabwalo ka nkhondo ka zidole, ka asilikali athu a KAR

Diorama ndi kabwalo kakang'ono komwe mumayikapo tizidole ta asilikali, magalimoto ndi mitengo kuti pazioneka ngati nkhondo yeniyeni yaimitsidwa pakati. Ambiri amathamangira za ma German ndi ma America, koma ife kuno ku Zomba nkhani tili nayo kale, chipilala cha King's African Rifles (KAR) chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo azigogo athu anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944 pansi pa 11th East African Division, m'chigwa cha Kabaw, mvula ili mkati. Pangani zimenezo.

Yambani ndi sikelo, kutanthauza kuchepa kwa chidole poyerekeza ndi chinthu chenicheni, musasakanize. Pa 1:72 msilikali amakhala pafupifupi masentimita 2.5, pa 1:35 ya kampani ya zidole ya Tamiya amafika 5. Makiti (mabokosi a zidolezi) akale a makampani a Airfix ndi Matchbox ambiri ndi 1:76, awa amakhalirana bwino ndi 1:72. Kuwapeza ndiye ntchito, nthawi zina amatuluka mu zidole za pa kaunjika koma kawirikawiri mumachita kutumizitsa kwa achibale ali kunja. Mukapeza bokosi la Airfix la Australian Infantry musalisiye, zipewa zawo zopinda mbali imodzi ndi zofanana ndi zomwe a KAR ankavala ku Burma, mungosintha khungu basi, yunifomu muipente yobiliwira.

Musanapente tsukani ndi sopo ndi mswachi wakale. Zidole za Airfix zakalezi ndi za pulasitiki yofewa, penti imasupuka mfuti ikangopindika pang'ono, ndiye pakani kaye guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi, aume, kenako penti. Gwirani mosamala, zina zakalamba zimathyoka m'miyendo. Timasitika tomata pa galimoto tikakhala kuti tachita chikasu tiyikeni pa windo padzuwa kwa masabata angapo, timayera.

Pansi ndiye pamene pali nkhani yonse. Tengani kathabwa, matanipo styrofoam ija yobwera m'makatoni a mafiliji, muiseme kukhala zitunda ndi kamsewu. Apa super glue ayi, amaisungunula mukuona. Dothi kumbani lomweli la kuseri kwa nyumba, musefe, kenako mulikazinge pa mbaula kuti tizilombo tife, apo ayi mwezi ukatha kabwalo konse kachita nkhungu, mukudziwa chinyezi cha Zomba. Sakanizani ndi guluu ndi madzi, pakani ngati mukuzira nyumba, ndipo lisanaume yendetsanipo matayala a jipi yanu kuti mikwasa itsale, mudindenso mapazi a asilikali kuti aoneke otitimira m'matope osati oyandama pamwamba. Mmikwasamo dontheranimo vanishi, zimaoneka ngati madzi a mvula.

Mitengo ndi timizu touma ta zitsamba totembenuza, udzu wautali ndi khonje wophwasula wopaka penti, masamba ogwa ndi masamba a tiyi ogwira kale ntchito oyanika bwino.

Asilikali musadzaze, asanu akukankha jipi yotitimira akukwana. Adetseni mpaka m'mawondo ndi dothi lomwe lija. Ndipo ngati mukupanga mu June kapena July kukuzizira, penti ndi guluu zipatseni masiku awiri musanakhudze, kenako vindikirani ndi bokosi la galasi kuopa fumbi ndi ana.