Kutsata mbiri ya bungwe la amalinyero a ku Leith: yambirani pa ndalama

Kwa inu muli ku Edinburgh kapena mumangokonda zokumba zakale, ku Leith kuja, doko la ku Scotland lomwe linali tauni payokha mpaka analiphatikiza ku Edinburgh mu 1920, kuli kanyumba pa msewu wa Kirkgate kotchedwa Trinity House. Ambiri amangokadutsa. Koma mmenemo ndimo munali likulu la bungwe lothandizana la eni zombo ndi amalinyero, ndipo chiyambi chake amachiwerengera mu 1380 pomwe mfumu Robert II inawalola kutolera msonkho pa katundu wolowa padoko, prime gilt, kuti ndalamazo zizisamalira amalinyero odwala ndi okalamba, amayi amasiye komanso ana omwe abambo awo anatsalira panyanja.

Ndiye mukafuna kudziwa mbiri ya bungwe lotere ndi anthu ake mumayambira pati?

Pitani kaye mukaone malowo ndi maso, koma yambani mwafunsa masiku otsegula chifukwa sikuti pamakhala potsegula daily ayi, amayang'anira ndi a Historic Environment Scotland. Nyumba yomwe muione inamangidwa mu 1816, koma pansi pake pali zipinda zamiyala zotsala za nyumba yakale ya m'ma 1550 momwe ankasungiramo osauka awo. Pamwamba mupeza zithunzi zikuluzikulu za mabwana, zina zojambulidwa ndi katswiri wojambula Henry Raeburn, zokongola ndithu, koma musatherepo tsiku lonse. Anthu omwe bungweli linakhazikitsidwira pakhoma palibe, iwowo ali m'mabuku a ndalama.

Apa ndiye pagona nkhani. Bungwe lililonse lothandizana limakhala ndi mabuku amitundu itatu osachepera: malamulo, maminitsi a misonkhano, ndi buku la zolowa ndi zotuluka. Anthu amathamangira malamulo chifukwa ndi osavuta kuwerenga, koma malamulo amangokuuzani zomwe ankafuna kuti zizichitika, pomwe buku la msungichuma limaulula zomwe zinkachitikadi, ndani wapereka, ndani wakhala miyezi osasonkha mpaka kumulipitsa chindapusa, ndi mayi uti wayamba kulandira ndipo wasiya liti. Msungichuma m'mabungwe a ku Scotland ankamutcha boxmaster chifukwa ndalama zinkakhaladi mu bokosi, ndipo mabungwe ambiri bokosilo linkakhala ndi maloko angapo, makiyi ali ndi anthu osiyana, ndendende zomwe timachita ku banki mkhonde. Ku Bo'ness, kumtunda kwa Firth of Forth, nyanja yomwe Leith ali m'mbali mwake, bungwe lawo la 1634 mpaka dzina lake ndi Sea Box.

Mukatsegula buku lotere tengani kope lanu mugawe mizere: dzina, chaka cholowera, ntchito, zomwe wapereka, zomwe iye kapena banja lake alandira. Musatenge anthu onse, mufooka sabata isanathe. Sankhani zaka khumi zokha, kapena banja limodzi, mulitsate mpaka litazimirira m'bukumo. Mukaona dzina la mzimayi kenako mawu oti relict of ndi dzina la mwamuna, dziwani kuti ameneyo ndi wamasiye, ndipo poti azimayi a ku Scotland kale ankalembedwa ndi dzina la kwawo osati la amuna awo, mwapezeratu mabanja awiri pamzere umodzi. Bwererani m'mbuyo masamba angapo muone pomwe mwamunayo analekera kusonkha, nthawi zambiri imfa yake ili chapomwepo.

Chenjerani ndi ndalama za m'mabuku akale kwambiri. Scotland inali ndi paundi yakeyake, ndipo pofika 1707 mapaundi 12 a chi Scots ankafanana ndi paundi imodzi ya ku England, ndiye mukaona mayi walandira mapaundi 6 musati eee anali pabwino, imeneyo ndi theka la paundi basi. Zolembanso za m'ma 1600 ndi mutu wina, zilembo zake zimaoneka ngati sizachingerezi, koma a National Records of Scotland, omwe amasunga zikalata zakale za dzikolo, ali ndi maphunziro pa intaneti ophunzitsa kuwerenga kalembedwe kameneka, dutsanipo musanapite kukadziwawitsa mutu.

Mayina mwatolawo kawayeseni pa ScotlandsPeople, tsamba la pa intaneti la boma lofufuzirapo mbiri ya mabanja. Kusaka dzina ndi ulere, kuona chikalata chenichenicho ndiye mumalipira, nde musamangodina chilichonse chifukwa ma John Robertson a ku Leith ndi ambirimbiri ndipo makirediti amatha ngati mayunitsi. Boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1855, kumbuyo kwake mudalira mabuku a mipingo omwe ena ali ndi mipata. Kalembera alipo kuyambira 1841 mpaka 1921, koma wamalinyero usiku wa kalembera amatha kukhala ali panyanja, ndiye kusapezeka kwake sikutanthauza kuti anali atamwalira. Ndipo zodabwitsa, mindandanda yambiri ya anthu ogwira ntchito m'zombo za Britain kuyambira m'ma 1860 ili ku Canada, ku Memorial University ya ku Newfoundland, kumeneko mumachita kulemba imelo.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kufunsa kuti ndani sankaloledwa kulowa. Ku Trinity House mphamvu zinali ndi akuluakulu oyendetsa zombo, osati aliyense wonyamula katundu padoko, ndipo bungwelo linakula kupitirira zachifundo: mu 1680 linalemba mphunzitsi wa masamu a kayendetsedwe ka zombo, mu 1797 linapatsidwa mphamvu zoyesa ndi kupereka ziphaso kwa otsogolera zombo polowa ndi potuluka. Ine ndimaona kuti mbiri yongoyamikira bungwe osanena za otsalira kunja ndi yoperewera.

Pomaliza tsatani pomwe ndalama inasinthira njira. Prime gilt inathetsedwa mu 1872, bungwe linatsala kudalira lendi ya nyumba ndi malo ake ndi zopereka za mamembala, ndiye yerekezani masamba a zaka zisanu m'mbuyo ndi zisanu kutsogolo muone ngati amasiye anachepetsedwa. Ngati bungwe mukulitsatalo ndi laling'ono la tauni ina ya kugombe, zaka zoti muziyang'anitsitse ndi 1793 pomwe lamulo loyamba la mabungwe otere linatuluka ndipo ambiri anayamba kukalembetsa malamulo awo, 1911 pomwe boma linawalowetsa mu inshulansi yake, ndi 1948 pomwe boma linatenga ntchitoyo lokha. Malamulo omwe analembetsawo ambiri ali ku National Records of Scotland, kafunseni ndi dzina la tauniyo.