Mukamaphunzitsa za mtsinje wa Shire, yambani ndi kutsetsereka kwake

Aphunzitsi anzanga, ana athu amaloweza bwino mayina a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma mukawafunsa chifukwa chomwe malo atatu opangira magetsiwa anaunjikirana dera limodzi, kalasi yonse imangoti zii. Ine phunziroli ndimaliphunzitsira panja, mapu amabwera pambuyo.

Ana aunjike dothi m'zigawo zitatu: chapamwamba chathyathyathya, chapakati chotsetsereka kwambiri, chakumunsi chathyathyathyanso. Akumbe kangalande kodutsa monsemo. Pamwamba pakhale ndowa ya madzi, imeneyo ndiyo nyanja ya Malawi, yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere. Auzeni kuti madzi enawo amachokera ku Tanzania kudzera mumtsinje wa Ruhuhu, ndipo potulukira pake ndi pamodzi pokha, pa Mangochi.

Chigawo choyamba chikuimira Mangochi, nyanja ya Malombe mpaka Liwonde, komwe Shire amayenda mwaulesi. Pa Liwonde tchingani ndi kathabwa, ndiyo Kamuzu Barrage yomwe inamangidwa mu 1965. Musankhe mwana mmodzi aziyang'anira kathabwako. Akatsegula kwambiri madzi osungidwa atha msanga, akatseka anzake akumunsi ayamba kumukalipira. Asiyeni akangane pang'ono, poti mkangano womwewo ulipo pakati pa ofuna magetsi, alimi a mthirira ndi eni malo ogona alendo kunyanja. Apa ndimawauzanso kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka. Ambiri sakhulupirira.

Nthawi yambiri itherani pa chigawo chapakati. Pangani kagudumu koimira makina opangira magetsi ndi phesi la chimanga, mapiko ake akhale zidutswa za botolo lapulasitiki. Kaikeni pamalo athyathyathya: kangogwedera. Kasunthireni potsetsereka: kayamba kuzungulira. Madzi ndi omwewo, chasintha ndi kugwa kwake. Kuchoka cha ku Matope kukafika ku Chikwawa, Shire amatsika mamita oposa 300 kudzera m'mathithi, n'chifukwa chake Nkula A inayamba ntchito kumeneko mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000. Mathithi a Kapichira omwewo ndi amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859.

Kenako wina athire mchenga ndi masamba kumtunda kwa ngalande, aone kagudumu kakutsamwa. Amenewo ndi matope ochokera m'minda ya m'mapiri opanda mitengo, komanso namasupuni yemwe a kampani yopanga magetsi ya EGENCO amalimbana naye pa Liwonde. Mukafuna, khuthulani ndowa yonse kamodzi, muwakumbutse namondwe wa Ana yemwe anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130.

Chigawo chakumunsi musachedwepo: Chikwawa, dambo la Elephant Marsh, Ruo akulowa pa Chiromo, Shire n'kukhala malire a Malawi ndi Mozambique asanakathire mu Zambezi.

Mukabwerera m'kalasi, tsegulani mapu muwafunse ngati madzi a Shire amazungulitsa makina a pa damu la Cahora Bassa, lomwe lili pa Zambezi ku Mozambique. Ambiri amayankha kuti inde. Atsateni ndi chala: damulo lili kumtunda kwa Tete, koma Shire amakumana ndi Zambezi kumunsi kwenikweni, cha kufupi ndi Caia.