Katundu wa mwini akagona pakhomo panu: malangizo kwa amisiri okonza zinthu kunyumba

Pa ntchito yanga yoyendera magulu a mabizinesi ang'onoang'ono muno m'boma la Kasungu, ndimakumana kawirikawiri ndi amisiri amene alibe shopu. Wina amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake ku Santhe, wina ali ndi katebulo ka mafoni pakhonde ku Nkhamenya, wina amakonza mawailesi, matochi ndi zipangizo za sola cha ku Chatoloma. Luso ali nalo ndithu. Ena analiphunzira kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ena anangolitola pothandiza amalume awo. Koma ndikafunsa chimene chikuwasowetsa mtendere, ambiri amadandaula chimodzimodzi: "Alangizi, anthu amatidutsa pompano n'kukakonzetsa ku boma, chonsecho ntchito yake ndi yomweyi."

Mantha ndi amene amamukwezetsa munthu minibasi kukakonzetsa kutali. Akasiya foni m'shopu amadziwa kuti madzulo pachitseko pakhala loko. Akaisiya pakhomo panu amayamba kuwerengetsera mumtima: pali ana, pali alamu, pali anyamata aja amakonda kucheza pakhondepo mpaka usiku. Funso lake silikhala lakuti kodi mmisiriyu atha kukonza, koma lakuti katundu wanga agona pati, ndipo amugwira ndani ine ndikachoka. Mukalimvetsa funso limeneli mwadziwa pomwe muyenera kuyambira.

Ndinaona ndekha mmene mmisiri wina wa njinga anathawidwira ndi makasitomala. Mnyamata wa kabaza anasiya njinga yake kuti aiwongole limu ndi kuika masipoko atsopano. Ntchito inatha masana, ndipo poti mwiniwake anati adzabwera mawa, mmisiriyo analola mphwake kuti akwere njingayo kupita kuchigayo. Mwini njinga anakumana nayo panjira itasenza thumba la chimanga. Palibe chinaonongeka, koma nkhani inafika pasiteji ya kabaza tsiku lomwelo, ndipo anyamata onse a pasitejiyo anasamukira kwa mmisiri wina. Bambowo ankati, "Koma inetu sindinabe kanthu." Zoonadi sanabe. Koma kwa munthu wa kabaza njinga ndiyo munda wake, ndipo wina anaulima osapempha.

Choncho lamulo loyamba liyambire m'banja mwanu. Khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, ana ndi aliyense wokhala pakhomopo, muwauze kuti katundu wa kasitomala sabwerekedwa, saseweretsedwa, sayesedwa. Wailesi yokonzedwa isamaimbe pakhomo podikira mwiniwake. Foni ya kasitomala isakhale tochi yopitira kuchimbudzi. Batire la sola la mwini lisamawalitse nyumba yanu usiku. Pezani bokosi lathabwa kapena lachitsulo, muikepo loko, kiyi azikhala ndi inu nokha. Njinga zigone m'nyumba zitamangidwa tcheni. Ndipo musabise zimenezi: kasitomala aone ndi maso ake mukuika foni yake m'bokosi n'kutseka. Malo ogwirira ntchito akhale apadera, ngakhale atakhala ngodya imodzi ya khonde, kutali ndi mbaula, madzi ndi nkhuku.

Tsopano za kope, zimene ndimalimbikira kwambiri chifukwa mikangano yambiri imene ndaitanidwa kukathetsa ikanapeweka ndi kope limodzi la sukulu ndi bolopeni. Katundu aliyense akafika, lembani tsiku, dzina la mwini, mudzi wake, nambala ya foni, mtundu wa katunduyo ndi vuto limene wabwera nalo. Lembaninso mmene walowera. Ngati galasi la foni linali long'aluka kale pakona, lembani mwiniwake akuona. Ngati njinga yabwera yopanda belu kapena pampu, lembani. Munthu amaiwala, ndipo pakapita masabata awiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti belu linalipo. Ng'ambani kapepala, mulembepo nambala yofanana ndi ya m'kope, mumupatse. Nambala yomweyo muimate pa katunduyo. Wobwera kudzatenga abwere ndi kapepalako. Akatuma mwana kapena mnzake wopanda kapepala, muimbireni mwiniwake kaye musanapereke.

Kwa inu okonza mafoni, onjezani nambala ya IMEI m'kopemo. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, imene imaoneka mukatchaya *#06# ngati foniyo ikuyaka. Nambala imeneyi imakutetezani pawiri. Palibe angakunamizireni kuti mwamusinthira foni, komanso apolisi akabwera kufunafuna foni yobedwa muli ndi umboni wa amene anaibweretsa ndi tsiku lake. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Munthu akabwera ndi foni yamtengo wapatali akufuna muichotse loko, koma sakudziwa nambala yachinsinsi, sakudziwa akaunti yake, ndipo akukana kuti mulembe dzina lake, mubwezereni mwaulemu. Ndalama ya tsiku limenelo ingakugonetseni m'chitolokosi, ndipo mudzi wonse udzati pakhomo paja m'pamene amatsukira mafoni akuba.

Foni ya masiku ano ndi chikwama, ndi kalata, ndi chimbale cha zithunzi. Muli Airtel Money kapena TNM Mpamba, muli mauthenga a WhatsApp a m'banja. Musanalandire, muuzeni mwiniwake achotse yekha SIM ndi memori khadi apite nazo. Nambala yachinsinsi ya ndalama musaifunse, ndipo akafuna kukuuzani kanani. Ngati ntchitoyo ikufunika kufufuta zonse zili m'foni, nenani musanayambe, chifukwa zithunzi za ukwati kapena za malemu zikapita sizibwerera. Chimene mwaona mwangozi m'foni ya munthu chithere pomwepo. Amayi ambiri andiuza kuti amaopa kukonzetsa foni kwa mmisiri wa m'mudzi momwemo chifukwa choopa kuti zinsinsi zawo zikamveka pamjigo. Mmisiri amene amayi amudziwa kuti ndi wosunga pakamwa sasowa ntchito.

Pa nkhani ya mtengo, cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi mawu akuti "ingosiyani, tikambirana." Mawu amenewa amamveka aulemu, koma amabala mkangano. Yezani vutolo mwiniwake ali pomwepo ngati n'kotheka, mumuuze mtengo musanatsegule. Gawani mtengowo pawiri, wa sipeya ndi wa ntchito ya manja anu. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya siikhazikika, ndipo kasitomala akamva mtengo umodzi waukulu amaganiza kuti wonsewo ukulowa m'thumba mwanu. Mukamuonetsa lisiti la komwe mwagula, amaona yekha kuti gawo lanu ndi laling'ono. Ngati sipeyayo mukaitenge ku Lilongwe, nenani za thiransipoti poyambirira pomwe. Ndipo mukatsegula n'kupeza vuto lina limene simunakambirane, imani, imbani foni: "Amayi, ndapezanso kuti batire latupa. Ndisinthe kapena ndisiye?" Mwini ndalama asankhe yekha.

Pali yesero lina limene mmisiri aliyense amakumana nalo ali yekha. Foni yabwera yosalowa moto, mwiniwake akuyembekezera kulipira zambiri, koma inu mwapeza kuti ndi fumbi chabe ndi timaulusi ta m'thumba tadzaza polowetsa tchaja. Kasungu ndi wafumbi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo vuto limeneli n'lofala. Mwayeretsa mphindi zisanu, foni yayamba kutchaja. Apa mukhoza kunena kuti mwasintha chipangizo, ndipo sangadziwe. Ine ndikukupemphani kuti munene zoona, mulipiritse zochepa, mumuonetse fumbilo. Munthu ameneyo akakafika kwawo adzafotokozera anthu khumi, ndipo palibe chikwangwani chingakuitanireni anthu ngati pakamwa pake.

N'chimodzimodzi ndi zipangizo zakale. Chilichonse mwachotsa, kaya ndi tcheni yakutha, mabering'i, chubu, batire kapena galasi losweka, chibwezeni m'manja mwa mwiniwake. Mantha aakulu a anthu ndi akuti mmisiri amachotsa chipangizo chabwino n'kuika chakutha, kapena amalipiritsa chimene sanasinthe n'komwe. Akafuna kukusiyirani, akusiyireni yekha. Batire lotupa lokha muchenjezeni kuti asalibowole, asaliponye pamoto ndipo asalisunge m'chipinda chogona, chifukwa limatha kuyaka. Ndipo musamachotse chipangizo pa katundu wa kasitomala wina kuti mukonzere mnzake, ngakhale mutalinga kubwezera mawa. Mawa limenelo nthawi zambiri silifika.

Masipeya ali m'magulu, ndipo inu mumawadziwa kuposa kasitomala. Alipo olimba okwera mtengo, aliponso otchipa owala bwino m'pepala koma osakhalitsa, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Si kulakwa kuika sipeya yotchipa ngati ndi imene munthu angakwanitse. Kulakwa ndi kuika yotchipa n'kulipiritsa ya mtengo. Ikani zonse ziwiri patebulo, munene kusiyana kwake, asankhe. Kwa okonza za sola, yezani batire mwiniwake akuona: batire la 12 voti lodzaza bwino, litapuma, limaonetsa pafupifupi 12.6 pa mita. Munthu akaona nambala ndi maso ake sakayika mukamuuza kuti batire latha.

Tsiku lomaliza ntchito nalonso likhale loona. "Mubwere mawa" wapha mabizinesi ambiri. Munthu wapalasa njinga yobwereka kuchokera ku Wimbe kapena ku Chamama, wafika, mukumuuza kuti abwerenso mawa. Ulendo wachitatu sabwera kudzatenga katundu yekha, amabwera kudzatsanzika. Inu muli ndi munda, pali maliro, magetsi a ESCOM amathima, ndiye powerengera tsiku onjezeranipo masiku awiri. Mukaona kuti simukwanitsa, tumizani uthenga iye asananyamuke. M'nyengo yobzala ndi yopalira landirani ntchito zochepa zimene mungathe.

Nanga mukalakwitsa? Dzanja limaterereka, galasi limasweka, waya umapsa. Nenani nokha iye asanazindikire, ndipo mugwirizane mmene mubwezere, ngakhale pang'onopang'ono. Ngati ntchito yakukulirani, musaphunzirire pa katundu wa mwini. Safunsa anadya phula. Muuzeni kuti, "Achimwene, ili ndi vuto la m'kati, zida zake ndilibe, koma ndikudziwa amene angathe." Adzabwereranso ndi ntchito zina. Foni yogwera m'madzi mumuchenjezeretu mwiniwake kuti ingathe kuyaka lero n'kudzafa pakapita masiku chifukwa dzimbiri limadya pang'onopang'ono. Pa ntchito zina zonse perekani lonjezo lomveka, monga lakuti vuto lomwelo likabwerera pasanathe masabata awiri mudzakonzanso ulere, ndipo mulembe lonjezolo m'kope ndi pakapepala kake.

Za chiphaso sinditalikitsa. Pitani ku ofesi ya khonsolo mukafunse zofunika pa bizinesi ya mtundu wanu, ndipo pepala lililonse muli nalo, la khonsolo kapena la maphunziro, likhomeni poonekera. Afumu a m'mudzi adziwenso kuti pakhomo panu pamagona katundu wa anthu.

Chotsala ndi katundu wosatengedwa, amene amavutitsa amisiri ambiri kuno kwathu chifukwa ndalama zimayenda ndi nyengo. Mu Januwale ndi Febuluwale munthu amasiya wailesi n'kusowa, osati mwachipongwe, koma chifukwa kandalama kalikonse kakupita ku ufa ndi feteleza. Amadzatulukira fodya akayamba kugulidwa ku Chinkhoma, kapena akagulitsa soya ndi mtedza. Inu mwaika kale ndalama yanu pa sipeya, mwina yobwereka ku banki m'khonde, ndipo chiwongoladzanja chikukwera. Njira yake ndi kulandira ndalama ya sipeya musanagule, ya ntchito idzabwere potenga katundu. Achibale ndi anzanu a kutchalitchi nawonso alipire ya sipeya, ngakhale mutawakhululukira ya manja. Ndalama ya sipeyayo musagulire ndiwo. Ikhale mu envulopu yolembedwa nambala ya m'kope mpaka mutagula chinthucho.

Gwirizanani poyambirira kuti katundu mudzamusunga kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mulembe. Nthawiyo ikakwana musathamangire kugulitsa. Imbani foni, tumizani uthenga, tumani munthu wa kumudzi kwawo, ndipo ulendo uliwonse lembani tsiku m'kope. Zonsezi zikakanika, tengani kopelo mupite nalo kwa afumu kapena kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, amuitanitse mwiniwake, ndipo chimene chigamulidwe chichitike pamaso pa mboni. Ngati pagwirizana zogulitsa, chotsanipo zanu zokha zimene zinalembedwa, zotsalazo musungire mwini katundu.